Mawu a Mlangizi: Phunzirani Kugulitsa Mbewu Zanu pa Lamya

Mvula yatha, chimanga chauma m'munda, mtedza mwakumba, ndipo mavenda afika kale ndi masikelo awo pansi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu. Chaka ndi chaka nkhani ndi yomweyi. Mlimi avutika ndi khasu miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, koma wonena mtengo wa mbewu zake ndi munthu amene wabwera m'mawa womwewo pa njinga. Boma lilengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, koma wogula akakhala mmodzi yekha m'mudzi, mwana nayenso atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, mtengo wa Boma uja utsala pa pepala. Sabata ino ndifuna tikambirane za chida chimene chingakuchulukitsireni ogula, ndicho lamya ya m'manja, imene ambiri muitcha foni, ndiponso za maphunziro a kagwiritsidwe kake pa malonda.

Mwina wina anena kuti, "Aa, alangizi, zimenezo n'za anyamata a m'tauni." Iyayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 84 anali a kumudzi. Otsalawo, a ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'matauni ena, ambiri a iwo sadya za m'munda mwawo. Agula. Agula mpunga, nyemba, nsinjiro, uchi, mbuzi ndi nkhuku zachikuda. Masiku ano mayi wa ku Area 25 kapena ku Ndirande akafuna mpunga wa Kilombero angathe kuyamba wayang'ana pa foni kuti aone amene ali nawo. Kawirikawiri amene amupeza pamenepo ndi wamalonda wa m'tauni momwemo, amene anagula mpungawo kwa inu motchipa. Mwini wake wolima sapezekapo. Kodi zimenezi zikukomerani?

Kwa amene simunamvetse bwino za intaneti, tinene chonchi. Ili ngati msika waukulu wosatsekedwa usiku, umene anthu a kutali ndi a pafupi alowamo kupyolera pa foni kapena pa kompyuta. Mu msika umenewu munthu aliyense angathe kuika benchi lake, ndiko kunena dzina lake, chithunzi cha katundu wake, mtengo, ndi nambala yoti ogula aimbepo. Kuika benchi lotere pa Facebook kapena pa WhatsApp salipiritsa. Chimene mulipira ndi bandulo yolowera pa intanetipo. Koma monga pa msika uliwonse, pali kayalidwe ka malonda, pali kalankhulidwe ndi ogula, ndiponso akuba alipo. Izi munthu sabadwa nazo. Aphunzira, monga tinaphunzirira kukweza mizere motsata akalozera ndi kubzala chimanga chimodzi pa phando.

Boma linaona kale kufunika kwa maphunziro amenewa. Mu 2017 linagwirizana ndi World Bank za ntchito yotchedwa Digital Malawi, ya ndalama zokwana madola 72.4 miliyoni a ku America. Gawo lalikulu linali lofikitsa intaneti ku maofesi a Boma, ku masukulu ndi ku zipatala, koma gawo lina linaphunzitsa achinyamata ndi amayi luso la makompyuta ndi mafoni, kudzera m'malo ophunzitsira monga mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub ku Mzuzu. Mabungwe amene agwira ntchito ndi alimi nawonso nthawi ndi nthawi aitana makalabu ndi makopaletivi ku maphunziro otere. Uthenga wake ufika kwa a mfumu, ku ofesi ya zaulimi, kapena kwa mlimi wachitsanzo wa m'mudzi mwanu.

Tsono apa ndi pamene ndifuna kukhalitsa pang'ono, chifukwa midzi yambiri iphonyera pomwepa. Uthenga ukafika kuti afuna anthu awiri pa kalabu, anthu ayamba kuwerengera alawansi ndi nkhomaliro. Basi asankha mlamu wa wapampando, kapena mphwake wa a mfumu amene alibe ndi munda womwe. Munthuyo apita, adya mpunga wa nyama masiku atatu, abwera ndi satifiketi, aipachika pa khoma, nkhani yathera pomwepo. Ena atumiza mnyamata wodziwa foni kwambiri, koma wosadziwa kusiyanitsa mtedza wa Chalimbana ndi wa CG7, ndipo ikafika miyezi iwiri mumva kuti wakwera basi wa ku Johannesburg. Nzeru zonse zapita naye limodzi.

Ine ndinena kuti tumizani anthu awiri osiyana. Mmodzi akhale wachinyamata wa zala zofulumira, wodziwa kulemba ndi kuwerenga bwino. Winayo akhale munthu wokhazikika, wa banja lake ndi munda wake, wodziwa mbewu ndi mitengo yake, amene mudzi umukhulupirira pa ndalama. Ndipo mwa awiriwo musasiye mayi. Amene ayala tomato pa msewu, amene aweta nkhuku, amene asunga bokosi la banki m'khonde, kodi si amayi? Abambo ena akana kuti akazi awo agwire foni, ati adzayamba kucheza ndi amuna ena. Bambo, ngati mayi wa kunyumba kwanu mumawatuma okha ku msika wa Lachiwiri ndi dengu la nyemba, nabwera ndi ndalama zokwanira, foni idzawasintha bwanji? Mukungodzitsekera nokha khomo la ndalama.

Asanapite, mupangane pamaso pa a mfumu kuti akabwera adzaphunzitsa anzawo Loweruka lililonse kufikira ena anayi kapena asanu atadziwa. Mlembi alembe panganolo m'buku.

Nanga kumaphunziroko akaphunzire chiyani? Aphunzitsi ena akonda kuyamba ndi mbiri ya kompyuta ndi mayina a ziwalo zake, tsiku lonse n'kutha. Anthu anu asachite manyazi kuimika dzanja ndi kupempha kuti awaonetse zimene adzagwiritsa ntchito kumudzi. Safunsa anadya phula.

Choyamba ndi dzina ndi nambala. Kalabu ikhale ndi dzina limodzi losasinthasintha, lotchula ndi malo omwe, kuti wogula wa chaka chino adzakupezeni chaka chamawa. Ikhalenso ndi nambala ya foni yakeyake. Chiyambire 2018 simukhadi iliyonse ilembetsedwa m'dzina la munthu, ndipo pofuna kutero muonetsa chiphaso cha unzika. Tsono ganizani bwino dzina limene mulembetse. Ngati nambala imene ogula onse aidziwa ili m'dzina la mnyamata uja, tsiku lochoka iye msika wanu wachokanso. Lembetsani m'dzina la munthu wokhazikika uja, ndipo buku la kalabu linene poyera kuti foni ndi nambala ndi za gulu, si za iye.

Pali WhatsApp ya mtundu wina yotchedwa WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, yopangidwira a malonda ang'onoang'ono. Nayonso ndi yaulere. M'menemo mulemba dzina la kalabu, malo, nthawi imene mupezeka, ndipo muika zithunzi za katundu ndi mitengo yake pamalo amodzi, kuti wogula aziona yekha osayamba wafunsa. Pa Facebook akatsegule tsamba la malonda m'dzina la kalabu, losiyana ndi la munthu pamene aikapo zithunzi za ukwati ndi za mpira. Amene muli ndi okala, tiyirumu, chigayo kapena malo opalira matabwa pafupi ndi msewu waukulu, funsaninso za kuika malo anu pa Google Maps, kuti wapaulendo akuoneni asanafike. Atelala ndi osoka mphasa, zonse ndinena pano zikukhudzani inunso.

Kachiwiri ndi chithunzi. Wogula wa kutali sangathe kutapa nyemba ndi dzanja, kapena kuluma mtedza kuti amve kuuma kwake. Maso ake ndi chithunzi chanu. Jambulani panja, m'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa lili kumbuyo kwanu. Pukutani kagalasi ka foni ndi nsalu yoyera. Yalani mbewu pa lichero kapena pa mphasa yoyera, osati pa dothi pamene nkhuku zipalasa. Jambulani kawiri: chithunzi china chapafupi kuti maso a mbewu aoneke, china chapatali kuti matumba onse awerengeke.

Ndipo jambulani katundu yemweyo amene mudzatumiza. Ndidziwa chizolowezi cha pa msika choika tomato wamkulu pamwamba pa mulu, wophwanyika pansi. Pa msika wa kumudzi wogula akwiya, atukwana pang'ono, napita. Pa intaneti sizitero. Munthu amene mwamuonetsa chikomekome cha nkuyu, akatsegula thumba napeza nyerere m'kati, ajambula thumbalo ndi kulionetsa kwa anthu mazanamazana tsiku lomwelo, dzina la kalabu yanu lili pomwepo. Kumeneko mbiri ithamanga koposa moto wa m'tchire mwezi wa Okutobala, ndipo zolembedwa sizifufutika msanga.

Chifukwa chake ntchito ya foni iyambira pa mkeka wosankhira. Petani, sankhani, chotsani miyala, zofumbwa ndi zowola. Chimanga chiume bwino. Njira yoyesera muidziwa: thirani mchere wouma ndi chimanga pang'ono m'botolo louma, tsekani, khutchumulani, dikirani kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Za mtedza ndanena kambiri m'danga lino, koma ndibwerezanso: lekani kuwaza madzi pa makoko pofuna kuti asweke msanga kapena kuti thumba lilemere. Chinyezi chimenecho chibweretsa chuku, ndipo chuku chili ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene awononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Ogula akuluakulu ayeza mtedza asanalandire, ndipo wachuku aubweza. Thumba mukati ndi la makilogalamu 50, likwane 50 pa sikelo yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, osati 47.

Mawu olemba pansi pa chithunzi akhale ochepa ndi omveka. Wogula afuna kudziwa zinthu zisanu: mbewu yanji ndi mtundu wake, yochuluka bwanji, mtengo wake pa kilogalamu, ili kuti, ndipo aimbe nambala iti. Ena akana kulemba mtengo, ati "tikambirana." Munthu wotanganidwa sadikira zokambirana, apita kwa wina amene walemba. Potchula malo musangoti "kwathu kuno." Nenani boma, msika wapafupi, ndi kutalika kwake kuchokera pa msewu wa tala, ndiponso ngati lole ifika. Katundu akatha, chotsani chithunzicho.

Uthenga ukabwera yankhani tsiku lomwelo, mwaulemu, ngakhale munthuyo atchule mtengo wonyoza. Amene kulemba kukuvutani musataye mtima. WhatsApp ilola kutumiza mawu a pakamwa: mudina, mulankhula m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, mnzanuyo amva. Agogo amene sanapite kusukulu angathe kutsatsa uchi wawo motero.

Tsopano za ndalama, ndipo apa tcherani khutu. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo ambiri mwalandirapo kale ndalama kuchokera kwa ana anu a m'tauni. Njira yomweyo ndiyo yolandirira malipiro a katundu. Koma akuba nawonso anaphunzira. Wina akutumizirani uthenga wooneka ngati wochokera ku kampani, wonena kuti mwalandira ndalama zakutizakuti. Kenaka aimba, mawu ake okoma, ati, "Bambo, ndalama mwaziona, kwezani katundu msanga, galimoto inyamuka." Uthengawo analemba yekha. Wina aimba akulira kuti watumiza ndalama kwa inu molakwitsa, mumubwezere, pamene sanatumize kanthu. Musakhulupirire uthenga. Dinani nokha *211# ngati muli pa Airtel, kapena *444# ngati muli pa TNM, muone ndalama zimene zilimo. Zikakhala kuti sizinawonjezeke, thumba lisachoke pakhomo. Wokufulumizitsani kwambiri ndiye woyenera kumukayikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nambala yanu ya chinsinsi musauze munthu, ngakhale ejenti, ngakhale woimba foni amene ati ndi wa ku kampani. Musaike chaka chimene munabadwa, kapena 1234, ndipo musailembe pa kapepala kosunga kuseri kwa foni. Palinso manambala 6 amene WhatsApp itumiza pamene munthu alembetsa nambala pa foni yatsopano. Wina akakupemphani kuti mumuwerengere manambala amenewo, dziwani kuti afuna kulanda WhatsApp ya kalabu, kuti ayambe kupempha ndalama kwa ogula anu m'dzina lanu. Akumaphunziro aonetse anthu anu kutsekera WhatsApp ndi nambala ina yachiwiri yodziwa eni ake okha. Kuba kotere ndi mlandu, ndipo lamulo lake lilipo, la 2016, lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Zikakuchitikirani musabise chifukwa cha manyazi. Kanenani msanga ku kampani ya foni ndi kupolisi, uthenga uja musaufufute.

Kumbukiraninso kuti wogula naye aopa inu monga inu muopa iye. Iye sakudziwani, ndipo ena anabedwapo ndi anthu oonetsa zithunzi za katundu amene alibe. Tsono ndi wogula watsopano yambani ndi zochepa, thumba limodzi kapena awiri. Mungathe kupangana kuti alipire theka poyamba, theka lina katundu atafika, kapena atume mbale wake adzaone ndi maso. Mukakweza katundu pa minibasi kapena pa lole, lembani dzina ndi nambala ya wolandira pa thumba, jambulani thumbalo pamodzi ndi nambala ya galimoto, tengani nambala ya foni ya dalaivala kapena kondakitala, ndi kutumiza zonsezo kwa wogula. Munthu mmodzi amene mwamuchitira bwino adzauza anzake a ku ntchito ndi a ku tchalitchi.

Musanavomere mtengo, tengani pensulo. Tiyerekeze kuti wa m'tauni awonjeza K100 pa kilogalamu kuposa venda wa pamsewu. Pa thumba la makilogalamu 50 mwapindula K5,000. Koma ngati kabaza wokafikitsa thumbalo pa siteji, ndi galimoto, ndi ndalama yodula ejenti potapa, ndi bandulo, zonse pamodzi zikwana K6,000, ndiye kuti mwagulitsa moluza ngakhale mtengo unaoneka wokwera. Manambalawa ndangopereka chitsanzo, inu muikepo a kwanuko. Masamu amenewa ndiwo atiuza kuti foni ithandiza kwambiri anthu ogulitsa pamodzi. Mlimi mmodzi wa matumba 5 a soya sangaitanitse lole. Koma alimi 20, aliyense matumba 5, ndiwo matumba 100, makilogalamu 5,000, kapena titi matani 5. Pamenepo wogula atumiza galimoto yake, ndipo mtengo muyamba kunena ndinu. Mutu umodzi susenza denga. Akumaphunziro akafunsenso za misika ya mbewu ya ogula akuluakulu, monga Agricultural Commodity Exchange for Africa ya ku Lilongwe, imene ambiri aitcha ACE, kuti adziwe mitengo ya kwina asanayankhe wogula aliyense.

Sindikubisirani zovuta. Foni yolowa pa intaneti ndi yodula, makamaka chigwereni kwacha mu Novembala 2023, pamene inatsika mphamvu ndi 44 pa 100. Midzi yambiri ilibe magetsi, ndipo kwina netiweki ipezeka pa chulu pokha. Koma kalabu sifuna mafoni makumi awiri. Imodzi ikwana, yogulidwa ndi ndalama za gulu kapena za banki m'khonde, pamodzi ndi kasola kakang'ono kotchajira. Ngati netiweki ili pa chulu, pachulu pomwepo pakhale ofesi: wosunga foni apitepo m'mawa ndi madzulo pa nthawi yodziwika, ndipo nthawiyo ilembedwe pa tsamba lanu kuti ogula adziwe. Bandulo ya kalabu si yoonerera mafilimu kapena zigoli za mpira wa ku England. Msungichuma alembe tsiku logula bandulo ndi tsiku lothera, ndipo pa msonkhano foni iyende m'manja mwa onse kuti aliyense aone mauthenga a ogula ndi ndalama zolowa. Pamene munthu mmodzi yekha adziwa zimene wogula ananena, mkangano suchedwa.

Chinanso, musagulitse zonse chifukwa ogula achuluka. Foni ikayamba kulira kawirikawiri mtima ukwera, ndipo munthu aiwala kuti Januwale ndi Febuluwale akubwera. Yambani mwapatula chakudya cha banja cha chaka chonse ndi mbewu yobzala, muthire mankhwala a nankafumbwe kapena musunge m'matumba a PICS osalowa mpweya. Zojambula ndi zotsalazo.

Amene kalabu yanu sinaitanidwepo ku maphunziro otere, musakhale chete kudikira. Mlembi alembe kalata ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu, atchule dzina la kalabu, chiwerengero cha amuna ndi akazi, mbewu zimene muli nazo, ndi mayina a anthu awiri amene mwasankha, kuti mwayi ukapezeka mudzakhale kale m'kaundula. Poyembekeza, funani mphunzitsi wa pasukulu yapafupi kapena wazaumoyo wa m'mudzi amene agwiritsa ntchito foni yotere, mumupemphe akuonetseni kujambula ndi kutumiza chithunzi choyamba. Mlangizi wa dera lanu akabwera pa tsiku la kalabu, muonetseni chithunzicho ndi thumba limene munajambula, aone ngati zigwirizana.

Sabata yamawa tidzakambirana za kaumitsidwe ka mtedza pa milu yotchedwa Mandela cock, ndi kasungidwe kake kufikira mtengo utakwera. Tsalani bwino.